Phala la a Mbewe ndi mwana wathu wa ku fiyeta

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yokoma. Amene munazolowera kuti pa tsamba lino ndimangokalipa, mundipirire. Kukalipako kulipo ndithu, koma nkokalipa munthu ali wokondwa.

Lachiwiri sindinali pa shifiti. Basi yanga anayendetsa wina, ine ndinali dalaivala wa a Mbewe, mnzanga wa kutchalitchi amene amakhala kuseri kwa msewu wathu kuno ku Highfields, mumzinda wa Leicester. A Mbewe akhala akuvutika ndi chotupa cha m'munsi mwa mimba chimene madokotala amati heniya. Ntchito yawo ndi yonyamula makatoni ku weyahausi yosungira katundu, ndiye kuyambira nthawi yozizira ija akhala ali pakhomo, ndipo bwana wawo anayamba kale kulankhula zoti malo sangawasungire mpaka kalekale. Opareshoni anaidikira miyezi yambirimbiri. Lachiwirilo ndilo linali tsiku lake.

Nditafika m'mamawa kukawatenga, ndinapeza mayi Mbewe akupakula phala la nsinjiro.

"Anatitu tisadye kanthu," anatero a Mbewe, koma supuni ili kale m'manja.

"Akakudulani muli ndi njala, mphamvu yodzukira muitenga kuti?" anatero mayi. "Azungu amangokokomeza zinthu. Lawani pang'ono. A Chisale, khalani pansi, lanu ili."

Ndinakhala pansi. Linali phala labwino.

Ndipo musandiyang'ane choncho, chifukwa nanunso mukanadya. Tonsefe tinakulira kumene wodwala sachoka pakhomo m'mimba muli mbee. Kwathu munthu akagonekedwa m'chipatala, wachibale amagona pansi pa bedi kapena kukhitchini ya magadiyani, ntchito yake nkuonetsetsa kuti wodwala wadya. Akadya timati ayamba kupeza bwino. Akakana chakudya timayamba kuimbira mafoni abale. Ndiye mzimayi amene wakhala pabanja zaka zonsezi angalole bwanji mwamuna wake kupita kukang'ambidwa ndi njala, iye ali pompo, ufa uli m'kabati?

Tinafika kuchipatala, a Mbewe anawaveka chigauni chotsegula kumbuyo chija, nkuwakhazika pabedi. Posakhalitsa kunabwera dokotala wogonetsa anthu pa opareshoni, mzimayi wamtali wa Chingelezi chothamanga. Kumbuyo kwake kunali nesi wachitsikana, wovala zabuluu ndi kachipewa ka ku fiyeta, chipinda chochitira maopareshoni. Ndinamuyang'ana kawiri. Anali Tadala, mwana wa anti Esnart a ku Normanton, ku Derby. Antiwo amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tadala anabwera kuno ali ku sekondale. Unesi anamaliza kalekale, ndipo chaka chino wakhala akuchita kosi ya manesi ogwira ntchito limodzi ndi dokotala wogonetsa. Amenewa ndi amene amakonza makina opumira, machubu ndi mankhwala, ndipo amaima kumutu kwako iwe utagona osadziwa kanthu.

Tadala anauza dokotala uja kuti amatidziwa. Dokotala anafunsa a Mbewe ngati zimenezo zikuwavuta, iwo anati ayi, akondwa kumene. Kenako panabwera funso lakuti adya liti komaliza.

"Dzulo madzulo," anayankha a Mbewe m'Chingelezi, nkhope ili bwinobwino ngati mkulu wa mpingo, poti ndi mkulu wa mpingo kumene.

Ine ndinayang'ana kudenga. Mayi Mbewe anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama.

Dokotala analemba, napita kwa wodwala wa bedi lina kuseri kwa katani. Tadala sanamutsatire. Anawapatsa moni a Mbewe ndi manja awiri, nawerama pang'ono, nkulankhula Chichewa chapansipansi.

"Bambo, pepani. Amayiwa anakulolani kutuluka m'nyumba osalawa kanthu?"



"Amayi anga sakanalola," anapitiriza Tadala. "Nchifukwa chake ndikufunsa."

A Mbewe anaseka kaseko kamanyazi. "Kaphala chabe, mwanangu. Kamadzimadzi."

"Nthawi yanji?"

"Tisananyamuke."

"Ndiye ndikawauze adokotala."

Apa mpamene zinavuta. A Mbewe anamugwira dzanja. "Iwe Tadala, usatero. Akandikansela lero andipatsa liti tsiku lina? Ntchito indithera. Ine ndi malemu bambo ako tinkaimba kwaya imodzi ku Zomba, iwe usanabadwe."

Mayi Mbewe anawonjezera zawo. "Mwana iwe, takufunsa ndife? Dokotala mwiniwake walemba, wapita. Iwe ndiwe wophunzira chabe."

Ndipo ine, poti mumandidziwa, sindinakhale chete. Ndinamuuza kuti phala si mwala, pofika nthawi yolowa likhala litatsika kale. Ndinamuuza kuti tisamachitirane nkhanza tokhatokha m'dziko la eni. Ndikukhulupirira kuti ndinakweza mawu, chifukwa mkulu wa pabedi loyandikana anasuzumira.

Tadala anandiyang'ana osaphethira.

"Ankolo, munthu tikamugonetsa ndi mankhwala, kukhosi sikudzitsekanso kokha. Zam'mimba zikabwerera zimalowa m'mapapo. Phala likalowa mmenemo palibe supuni yokalichotsa. Ine ndidzakhala nditaima kumutu kwawo ndikudziwa. Zikavuta, mukufuna ndidzawauze chiyani akazi awowa?"

Sanadikire yankho. Anatsegula katani nkupita.

Abale, ndakhala m'dziko lino zaka zambiri, ndakangana ndi mainsipekita a mabasi, ndakangana ndi malandilodi, ndakangana ndi apolisi a pamsewu. Sindinatsekedwepo pakamwa mwaulemu chotero.

Dokotala anabwerera. Sanakalipe. Anati m'mawa umenewo nzosatheka. Tadala anamufunsa ngati a Mbewe angaikidwe kumapeto kwenikweni kwa mzere wa masana, m'mimba mutayera. Dokotala anati ayesa, koma ngati maopareshoni a anthu ena atenga nthawi yaitali, a Mbewe abwerera kunyumba nkukayambanso kudikira. Palibe analonjeza kanthu.

Ndiye tinakhala. A Mbewe ali ndi chigauni chawo, maso kukhomo. Mayi Mbewe akung'ung'udza kuti ana okulira kuno alibe mwambo. Ine ndinatuluka kukazungulira koimika magalimoto kuti mtima utsike, ndipo mmene ndimazungulira mkwiyo unasintha kolowera. Unachoka kwa Tadala nkubwera kwa ife akuluakulu.

Tiyeni tiuzane zoona. Ndi angati mwa ife amene amanamiza dokotala? Akafunsa za mowa timati ka pa Khirisimasi pokha. Akafunsa za mapiritsi a bipi timati tikumwa tsiku lililonse, pamene botolo lili chitsekere. Akafunsa ngati tikumwa mankhwala ena timakana, chonsecho m'kabati muli ufa wa mizu umene achemwali anatitumizira kuchokera kumudzi. Timachita zimenezi ndi nkhope yaulemu, tikuvomera ndi mutu, chifukwa tinaphunzira kuti munthu wa ofesi umamuuza zimene zikutsegulire chitseko. Ndi mzungu zimatheka. Iye sadziwa kuti m'nyumba ya Mmalawi mumachitika chiyani m'mamawa wa tsiku la opareshoni. Amafunsa, umayankha, amalemba.

Tsopano m'zipatala muno mwalowa ana athu, amene akudziwa kafungo ka nsinjiro. Ndipo ife m'malo mosangalala tikufuna kuwagwiritsa ntchito ngati mlonda wa pageti amene ndi mlamu wathu. Tikawaona mu yunifolomu timati tapulumuka, atibisira. Akakana timatulutsa mfuti yathu yaikulu: ndine bambo ako, ndinakunyamula uli khanda, ulemu uli kuti?

Ulemu wake uti? Mwana uja anapereka moni ndi manja awiri. Anafunsa ndi mawu apansi kuti mkulu wa mpingo asachite manyazi pamaso pa alendo. Chimene anakana nkuthandiza munthu wamkulu kudzipha. Ngati kumeneko nkupanda mwambo, ndiye ine ndikufuna ana opanda mwambo achuluke.

Ndipo taganizirani kumene mwanayu wadutsa. Ambirife tinabwera kuno nkulowa ntchito yosamalira okalamba, ena m'mawodi, ndipo ntchitoyo ndi yolemekezeka, yalera ana ndi kumanga nyumba ku Area 25 ndi ku Chilomoni. Koma tinafika pokhulupirira kuti malire athu ndi pomwepo. Mwana akati akufuna kubwerera kusukulu, ife timati sukulu yachiyaninso, ntchito uli nayo kale, tenga mashifiti owonjezera. Anti Esnart anandiuzapo kuti anzawo ankawaseka kuti mwana wawo akukalamba ndi mabuku, anzake akukwatiwa. Tadala amadzuka kusanache, sitima ya ku Derby mpaka Leicester, tsiku lonse chiimire mu fiyeta, pobwerera akuwerenga za mapapo ndi mitsempha anthu ena akugona m'sitimamo. Ukwati wa msuweni wake ku Hyson Green sanapiteko chifukwa cha mayeso, ndipo anthu analankhula mpaka kutopa.

Nditabwerera m'wodi ndinapeza mabedi ambiri ali opanda anthu. Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Mayi wina amene analowa mu fiyeta masana anachedwa kutuluka, ndipo nesi wa m'wodimo anabwera kudzatiuza kuti tikonzekere zilizonse. A Mbewe anangovula magalasi nkumawapukuta ndi chigauni. Ndinawaona m'maso kuti akuwerengera kale zokauza bwana wawo.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka. Anali Tadala ndi mnyamata wokankha bedi.

"Bambo, nthawi yanu yakwana. Simunalawenso kanthu?"

"Ngakhale malovu ndikuopa kumeza," anatero a Mbewe.

"Amayi, chikwamacho muli chiyani?"

"Mandasi," anayankha mayi Mbewe, nkhope ili kumbali. "Ndi a pambuyo pake."

"Asungeni. Ndidzakuuzani ndine nthawi yake."

Anawatenga. Opareshoni inayenda bwino. A Mbewe anadzuka akulankhula zosamveka, akufunsa ngati kwaya yayamba kale, ndipo tsiku lomwelo ndinawabweretsa ku Highfields. Panopa akuyenda pang'onopang'ono m'nyumba, ndipo abwana awo awauza kuti akachira malo awo alipo.

Tsono nkhani imene yandikondweretsa kwambiri inabwera Lachisanu. Mkazi wanga anandionetsa pafoni tsamba la nkhani la kuyunivesite kumene Tadala amaphunzira. Alemba za gulu la manesi amene amaliza kosi ija chaka chino, ndi chithunzi chawo ataima pamasitepe. Tadala ali kutsogolo. Wakhoza, ndipo aphunzitsi ake amutchula mwapadera chifukwa cha kafukufuku wake wa kumapeto kwa kosi. Mukudziwa mutu wake? Mmene angafunsire odwala ochokera m'maiko ena za kusala chakudya opareshoni isanachitike, kuti anene zoona. Kunena kwina, mwana ameneyu wakhala chaka chathunthu akuphunzira mabodza athu, ndipo ife tinapita kukamuyesa ndi phala.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Pachithunzi chomwecho pali mnyamata wa ku Chipata amene amakhala ku Nottingham, nayenso wakhoza. Aphunzitsi alemba kuti ophunzira a chaka chino ambiri apeza kale malo m'mafiyeta a zipatala za kuno ku Midlands, ndipo kosi yotsatira ayamba kulandira mayina. Manesi athu amene mwakhala m'wodi imodzi mpaka mawondo kulira, mwamva? Pitani mukafunse. Mabwana anu sadzabwera kudzakugogoderani.

Ndinaimbira anti Esnart kuwayamikira. Analira pafoni, kenako anandipempha kuti ndisafalitse kwambiri, anthu angachite nsanje. Ndinawauza kuti pepani anti, mwachedwa. Pa gulu lathu la pafoni timathamangira kulengeza maliro ndi zopereka za maliro, koma mwana akakhoza timanong'onezana ngati waba. Chithunzicho ndinachiponya pagulupo ine ndemwe, ndipo amene zamuwawa amwe madzi.

Mayi Mbewe sanayankhepo kanthu pagulupo. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali nkundiuza kuti iwo akuonabe kuti mwanayo akanatha kulankhula nawo kaye paokha, osathamangira kwa mzungu. Ndinawafunsa kuti akanalankhula nawo paokha, iwo akanamulola?

"Sindikanamulola," anatero. "Mundipatse nambala ya mayi ake."

Kaya akufuna kukathokoza kaya kukadandaula, sindikudziwa, ndipo sindinafunse.

Koma inu amene mukuwerenga, tsiku lanu likubwera. Kaya ndi bondo, kaya ndi diso, kaya ndi chiberekero, tonsefe tikukula ndipo matupi ayamba kutipereka. Adzakugonekani pakabedi kopapatiza, adzakuikani chophimba pamphuno, adzakuuzani kuti mupume kwambiri. Kuyambira pamenepo simudzatha kudzilankhulira, ngakhale kutsokomola. Kumutu kwanu mukufuna kudzaime mwana uti, amene amakuopani, kapena amene angathe kukunenezani?