Tsiku Limene Sinki Inatsamwa ndi Tiyi

Ndikukumbukira, ee ndikukumbukira anzanga, nyumba yoyera ya abwana a ku fakitale, pamwamba pa minda ya tiyi, chiperoni chitakuta mabulugamu. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba mmenemo. Bambo anali atamwalira, ndipo kanyumba tinkagonamo kanali ka kampani: ntchito ikatha, nako katha.

Sukulu ikatsekera, ine Esinati wa zaka zisanu ndi zitatu ndinkapita nawo. Ntchito yanga inali imodzi, kukataya masamba otsala m'thipoti kuseri. Koma kuseriko kunali galu, galu wake ngati mwana wa ng'ombe! Ndiye ndinkazembera kubafa, khuthu m'sinki, n'kutsegula mpopi. Ine ndinkayesa kabowo kaja kamakafika kumtsinje.

Sinki inayamba ulesi. Madzi ankangozungulira, zungulire zungulire, osatsika, ndipo kafungo kowawasa kanadzaza bafa.

Adona, akazi awo a bwana, anaitana amayi. "Amake Esinati, mwayamba kutsukira tsitsi lanu muno? Ngati ndi inu, ntchito ithe."

Amayi anangogwada. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake anabwera panjinga aMulepa, pulambala wa kampani, nkhalamba yoimba Chilomwe pogwira ntchito. Anatchera ndowa pansi pa sinki, n'kugwira paipi yokhota ija. "Ichi ndi chigongono," anatero, "chimasunga zinsinsi za m'nyumba." Sipanala kwe, kwe, kenako phwaa! Matope akuda bii. Anatokosa ndi waya, anatapa pang'ono, ananunkhiza.

"Adona, tsitsi mulibe muno. Uyu ndi tiyi, wa giredi yoyamba! Ine ndakalambira pa esiteti pano osamulawa, koma sinki yamwa mpaka kutsamwa."

Maso a adona anapita kwa amayi, poti ophika tiyi anali iwo. Pamenepo mawu anangondipulumuka, aang'ono ngati a mwanapiye.

"Ndine. Ndimaopa galu."

Kenako adona anaphulika kuseka mpaka kugwira khoma. Anauza amayi akaike ketulo pamoto, n'kulamula kuti galu azimangidwa m'mawa. Chilango changa anagamula aMulepa: nditsuke chigongono, ndichibwezere ndekha, ndimange osakhwimitsa. Titatsegula mpopi, madzi anatsika akuimba, gudu gudu gudu! Pobwerera kunyumba amayi anandikoka khutu kuyambira pageti mpaka pasikelo yoyezera tiyi, uku akubisa kumwetulira.

Lero ndimakhala kwa mwana wanga ku Makwasa. Tiyi wa masiku ano amabwera m'timatumba ta chingwe, adzukulu sadziwa n'komwe kuti thipoti imatsala ndi masamba. Sinki ikachita ulesi, mpongozi wanga amathamangira foni kufuna munthu. Ine ndimati, ayi mayi, foniyo ikani, patseni ndowa. Ndiye ndimagwada, mawondo akulira, ine ndikuimba, adzukulu atandizungulira kudikira kuti aone chituluke n'chiyani, wina wa iwo, wodziwa chimene anatayamo, atayamba kale kubwerera m'mbuyo.