Voti yanga ya mandasi awiri

Ndikukumbukira bwino lomwe chaka chimene ndinagulitsa voti yanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, ndipo mtengo wake unali mandasi awiri. Musafulumire kundiseka. Ena mwa inu munagulitsa yanu ndi malaya a chipani, muli ndi ndevu zanu kale.

Tinkakhala pa boma la Phalombe, m'nyumba yoyang'anizana ndi phiri. Bambo anali kalaliki, kwawo ku Ntcheu, ndipo anali munthu woledzera ndi demokalase. Chibwerereni matipati, mawu akuti "ufulu" sankachoka pakamwa pawo. Ngakhale dzina la galu wathu linachita kuvoteredwa. Mayi ndi a ku Chiwalo, munthu wosakonda zokamba zambiri. Anatayipapo mu ofesi ina kwa zaka zambiri mpaka pamene anawaimitsa pochepetsa antchito. Kuyambira pamenepo ankalima nandolo kumudzi, koma zala zawo zinkayabwabe. Ankalakalaka atagula kompyuta n'kumatayipira anthu pakhomo pomwepo: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mayeso a sukulu.

Chaka chimenecho nandolo anachita bwino, ndiye mayi anatumiza uthenga kwa mlongo wawo wamng'ono, malume a Wyson, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya katundu wamagetsi wakale ku Limbe. Loweruka lina malume anatsika matola ali mbuu ndi fumbi, makatoni ali mbwee. Anabwera ndi makompyuta awiri. Anati tiwayese onse, tisankhe imodzi, inayo abwerera nayo.

Yoyamba inali yonyansa, ndinene zoona. Bokosi lotuwa, lachikasu m'mbali ngati mano a munthu wosuta fodya, sikirini yake payokha, zingwe zili balala. Poyaka inkang'ung'udza ngati chigayo chakutali. Koma yachiwiriyo, abale inu! Yonse inali chinthu chimodzi, chobulungira kumbuyo ngati dzungu, cha buluu woonekera m'kati, chogwirira chili pamwamba. Malume atayiyatsa inaimba kanyimbo, ine mtima unangoti phwii.

"Kusiyana kwenikweni kuli m'mutu mwake," anatero malume. "Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m'katimo. Yotuwayi ili ndi yomwe ija ya m'maofesi onse. Yabuluuyi ili ndi yakeyake, ya anthu ozindikira. Siigwidwa mavairasi, siikakamira."

Bambo anali atagwa kale m'chikondi. Ndinkawaona m'maso kuti akuganiza za anzawo a ku ofesi akubwera kudzacheza Lamulungu n'kuiona ili pa tebulo. Mayi anaizungulira yabuluuyo, kuisisita kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, ngati munthu wogula mbuzi.

"Disiketi ilowera pati?"

Ana a masiku ano sangamvetse kulemera kwa funso limenelo. Nthawi imeneyo ntchito yotayipidwa inkayenda pa disiketi, kachinthu kaphanthi kolowa m'thumba la malaya. Ife tinalibe pulinta. Pulinta imene munthu wamba akanatha kusindikizirapo inali ku ofesi ya tchalitchi, ulendo wa theka la ola wapansi. Umatayipa kunyumba, kuika pa disiketi, n'kupita nayo kumeneko. Yabuluuyo inalibe kabowo ka disiketi.

"Achemwali, madisiketi ndi zachikale," anatero malume. "Kunjaku anasiya kalekale."

"Kunjako n'kunjako. Ine ndikufunsa za pa Phalombe pano."

Mkangano unakula mpaka tiyi anazizira. Kenako bambo anaimirira, kukonza kolala ngati ali pa msonkhano.

"M'nyumba muno mulibe chipani chimodzi. Tivota."

Analamula kuti wovota ndi aliyense wopitirira zaka khumi. Ang'ono anga anali asanakwanitse, malume anali mlendo, ndiye tinatsala atatu: bambo, mayi ndi ine. Ndinamva kukoma kosaneneka. Ine amene ndinkangotumidwa mchere, lero ndinali munthu wofunika.

Mayi anavomera chifukwa ankandidalira. Ankadziwa kuti ndikudziwa chimene chinali pa mutu pawo. Aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya pulayiveti anali atawasiyira kale mulu wa mayeso olembedwa pamanja, oti akhale atasindikizidwa pofika Lachisanu masana. Imeneyo inali ntchito yawo yoyamba. Akanaiphonya, mbiri ikanawanda pa boma ponse, ndipo sakanapezanso munthu wowabweretsera ngakhale kalata imodzi. Lamulungu tikusankha nandolo pa lichero anandifunsa motsitsa mawu.

"Tiya, nkhani ya disiketi ija waimva?"

"Ndaimva, mayi."

"Ndiye ukudziwa pokaponya."

"Musadandaule."

Ndinanena zimenezi ndi mtima wonse. Tsoka lake kampeni inali isanathe. Madzulo a tsiku lomwelo malume ananditenga kuti ndiwaperekeze kumsika. Anandigulira mandasi awiri otentha, ongovuulidwa kumene, mafuta akuchita kulowerera pepala. Pobwerera anayatsa yabuluu ija n'kundionetsa masewera a kanthu kodumphadumpha, komanso pojambulira zithunzi za mitundumitundu. Ndinajambula phiri lathu, n'kulipaka utoto wofiira.

"Waona? Pa yotuwa ija uzingoonera mayi ako akutayipa," anatero. "Komanso voti ndi yachinsinsi, a Tiya. Adziwa ndani?"

Patapita zaka ndinamva kuti yabuluuyo inali itakhalitsa m'sitolo osapeza wogula, ndipo abwana awo anali atatopa kuipukuta fumbi.

Chisankho chinachitika Lolemba bambo ataweruka. Anapachika chitenje pa khomo la kuchipinda. Kuseri kwake anaikako makapu awiri, ya pulasitiki yabuluu ndi ya chitini, iliyonse itavundikiridwa ndi sosa. Aliyense anapatsidwa njere imodzi ya nandolo. Ndinalowa komaliza. Dzanja langa linapita lokha ku kapu ya chitini, koma pakamwa pankamvekabe mandasi. Ndinaponya m'yabuluu, n'kutuluka nkhope ili yoyera ngati ya mwana wa kwaya.

Bambo anawerenga mwaulemu wonse, mokweza mawu. Kapu ya chitini, njere imodzi. Kapu yabuluu, njere ziwiri.

Apo m'pamene masamu anandidzidzimutsa. Ine amene ndinkakhala nambala wani m'kalasi, sindinaganize kuti pa ovota atatu palibe chinsinsi. Ya bambo inkadziwika. Ya mayi inkadziwika. Yotsalayo inali ya ndani? Mayi anayang'ana bambo, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

"Chabwino," anatero. "Anthu alankhula."

M'mawa mwake malume anakwera matola, yotuwa ija ili m'katoni.

Mayi sanadandaule. Lachiwiri ndi Lachitatu anakhala pa yabuluuyo kuyambira m'mawa. Zinthu zonse zinali m'malo achilendo; pamene anazolowera kudina kuti asunge ntchito panali pena, potsekera panali mbali ina. Ndinkawamva akung'ung'udza m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira nthawi ya mkwiyo. Komabe anamaliza. Lachinayi nditangofika kuchokera kusukulu ndinapeza apinda nkhata.

"Ntchito yatha, koma ili m'mimba mwa mnzakoyu. Disiketi ilibe polowera, pulinta siingabwere kuno. Ndiye mnzakoyu apite yekha ku pulinta. Unamusankha ndiwe, umusenza ndiwe."

Anaikulunga m'chitenje n'kundisenzetsa. Inkalemera ngati ndowa yodzaza madzi, kungoti madzi akatayika umakatunga ena. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mayi ankayenda kutsogolo ndi kiyibodi m'khwapa, osacheuka. Tisanafike patali ana anayamba kutilondola akukuwa kuti, "Kanema! Kanema!" Anyamata a njinga pa siteji anafunsa ngati filimu ya lero ndi ya karate. Mayi wina wogulitsa makaka anandiyamikira kuti ndine mwana wolimba khosi. Thukuta linkalowa m'maso, ine osatha kulipukuta poopa kugwetsa.

Ku ofesi ya tchalitchi mlembi anatilandira bwino. Anaisirira kompyutayo, kuitana ndi anzake kuti adzaione. Kenako anatenga chingwe cha pulinta. Mutu wa chingwecho unali waukulu ngati chipeso, pamene timabowo ta yabuluuyo tinali tating'ono toti n'kulowa kamtengo ka machesi. Anayesa uku, anayesa uko, anatembenuza chingwe, anapukusa mutu.

"Pepani mayi. Awiriwa sadziwana."

Ulendo wobwerera ndinalira njira yonse. Sikuti chifukwa cha khosi lokha ayi. Ndinkaona msana wa mayi patsogolo panga, n'kumaganiza kuti mawa ndi Lachisanu, ndipo ndawaphera ntchito yawo ndi njere imodzi ya nandolo.

Titafika, mayi sanakhale pansi. Anagwada n'kukoka kunsi kwa bedi makina awo akale otayipira, amene anagula pamene ofesi inkagulitsa zotha ntchito. Anawapukuta, kuwadonthezera mafuta, n'kunditumiza kusitolo kukagula masitensulo, mapepala aja ankawabowola ndi zilembo kuti akapukusidwe pa makina a kusukulu. Ine anandikhazika pa yabuluu ija kuti ndiziwawerengera mafunso mokweza, iwo akutayipa. Kompyuta ya anthu ozindikira inasanduka bolodi. Bambo pochokera kuntchito anaima pakhomo, kuyang'ana. Anavula tayi, n'kukhala pansi kumafufuza zolakwika pa sitensulo iliyonse. Tinalekeza kutada, n'kuyambanso tambala atangolira kachiwiri.

Aphunzitsi aakulu aja anafika Lachisanu masana, sitensulo yomaliza ikutuluka kumene. Anaiyang'ana poyera, n'kugwedeza mutu kuti ntchito ndi yaukhondo.

"Koma ndimayesa munati muli ndi kompyuta?"

"Teremu yamawa, aphunzitsi," anayankha mayi. "Mudzabwerenso."

Anati adzabwera, ndipo anabweradi.

Atachoka, mayi anatambasula miyendo pa khonde, kumathyola zala. Anandiitana kuti ndikhale pafupi.

"Malume ako anakupatsa chiyani?"

"Mandasi."

"Angati?"

"Awiri."

Ndinkayembekezera khofi. M'malo mwake mayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mayi ako onsewa, mandasi awiri! Bola ukanati atatu, limodzi n'kundibweretsera." Kenako anatembenukira kwa bambo. "Nanga inu bambo a Tiya, alamu anuwo anakupatsani angati?"

Bambo anakhosomola. "Ine ndinavota mwaulere."

"Ndiye bola mwanayu."

Sabata yotsatira malume anaitanidwa. Zimene achemwali awo anawauza kuseri kwa nyumba sindinazimve, koma anatulukako chipewa chili m'manja. Yotuwa inabwerera, yabuluu inapita. Ndinafunsa ngati tivotanso. Bambo anati chisankho chobwereza chilipo, koma wovota ndi mmodzi yekha, amene adzakhale pa mpandowo tsiku ndi tsiku. Bokosi lonyansalo linang'ung'udza m'nyumba mwathu zaka zambiri. Linkagwidwadi mavairasi, monga ananenera malume, koma likadwala ankalichiza ndi mnyamata wa ku ofesi ya bambo, chifukwa linali lofanana ndi ena onse a pa boma. Makadi a maukwati ambiri a ku Phalombe a zaka zimenezo anatuluka m'menemo, ndipo ine ndi ang'ono anga tinaphunzira sukulu ndi zala za mayi.

Sindikunena kuti yabuluuyo inali yoipa. Mwina inaposadi inzake, ndipo za madisiketi malume sananame, anathadi. Kungoti inali yabwino kwa munthu wina, kumalo kwina. Lero anzanga akandifunsa kuti agule kompyuta ya mtundu wanji yapakhomo, sindiyamba ndi dzina. Ndimafunsa kuti aziigwiritsa ntchito ndani, ntchitoyo ikatha izituluka bwanji, ndipo ikadwala aichiza ndani pafupi. Ena amaona ngati ndikuzemba funso, koma mafunso amenewa ndinawaphunzira ndi khosi langa.

Chinanso chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti mandasi aja anatha tisanatuluke n'komwe mumsika, pamene khosi linawawa sabata yathunthu. Malume amene anandikopa sanali nawo pa msewu wa ku tchalitchi. Anali ku Limbe. Wosenza ndinali ine, ndipo amene akanaluza zonse anali mayi, munthu yekhayo amene anafunsa funso loyenera. Ndikalowa m'kachipinda kovotera masiku ano, ndimayamba ndadzifunsa kuti chimene ndikusankhachi adzachisenza ndani.

Mayi anabwerera ku Chiwalo, maso anachita mdima, koma nkhaniyi sanaiiwale. Ndikapita kukawaona nditawatengera mandasi, amatsegula pepala, kuwagwira limodzilimodzi, n'kundifunsa osaseka: "Lero wagulitsa ndani?"