Amalume, Woyankha Nambala Seveni

Amalume anga amatsuka mabotolo a mu labu pa yunivesite, koma ndikuuzeni, palibe pulofesa wosakidwa ngati iwo. Chifukwa chake n'chakuti anamwa mowa zaka makumi awiri, n'kuusiya. Ndiye yunivesite itayambitsa maphunziro a masitazi a za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, osonkhanitsa a zachipatala, a zaubongo ndi a zamaganizo m'kalasi imodzi, wophunzira aliyense wofuna chidakwa chopuma pantchito choti achifunse pa kafukufuku wake ankangotsika masitepe kupita ku labu kwa amalume.

Wa zachipatala ankafunsa za chiwindi. Wa zamaganizo anafunsa za ubwana wawo mpaka analira yekha, amalume n'kumubwereka mpango. Onse ankalonjeza kubisa dzina lawo.

"Ine tsopano ndine Nambala Seveni," ankandiuza choncho akadutsa pa makina a fotokope pomwe ndimagwira ntchito. "Ulemu pang'ono, mphwanga, ndili m'mabuku!"

Koma pakamwa ponsepo, panali munthu mmodzi wowasowetsa chonena: mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, yemwe ankaphunzira za ubongo m'kalasi momwemo. Moni ankawapatsa, koma wapamwambamwamba, n'kudutsa. Za zaka za mowa zija anali asanakambiranepo. Amalume ankafunitsitsa kupepesa, koma akangomuona ankayamba za mvula. Zinkandinyansa bwanji! Munthu woulula zonse kwa alendo, n'kumaopa mwana wobereka yekha.

Tsiku lina aphunzitsi anagawira kalasi yonse mayankho a Nambala Seveni kuti aliyense awaunike mwa maphunziro ake. Fotokope ndinachita ndine, ndipo musandifunse ngati ndinawerenga. Patsamba lachitatu amalume anafotokoza mmene anasiyira mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi pa benchi ya ometa tsitsi, amvekere, "Ndikubwera pompano." Anabwerako ometa akutseka, iwo ali dzandidzandi, n'kupeza mwana ali mtulo, atakumbatira chikwama chawo. "Mwayi wanga anagona," anatero papepalapo. "Sanandione mmene ndinalili."

Dzina anabisadi, koma benchi ungaibise bwanji kwa amene anakhalapo?

Kalasi itatuluka, msuweni anatsika masitepe pepala lili m'manja. Ine pambuyo, nditanyamula faelo yopanda kanthu kuti ndioneke wotumidwa. Tinawapeza pa sinki, thovu mpaka m'zigongono, akuimba mluzu.

"Kunjaku kukuoneka ngati kugwa mvu..."

"Bambo, tsamba lachitatu lalakwika."

Mluzu ndi mvula zonse zii.

"Sindinagone tsiku lija. Ndinakuonani mukubwera. Ndinatseka dala maso kuti musachite manyazi."

Botolo linawapulumuka n'kumira m'thovu. Madzi anali kungotayika pampopi. Msuweni anatseka mpopi uja, nakoka mpando wautali wa mu labu n'kukhala.

"Ndilibe kalasi masana ano," anatero. "Yambirani poyambirira, adadi."

Ine ndinatuluka n'kuwatsekera chitseko, misozi ili mbwembwembwe.