Mayi Zimitsani ndi Foni Yong'aluka Galasi

Ku ofesi ya alangizi a ziweto ankamutchula Mayi Zimitsani. Dzinalo linachokera pakamwa pake pomwe. Munthu akamuonetsa chinthu pafoni, asanayang'ane n'komwe ankati, "Zimitsani data kaye."

Anayamba ntchito ngati wotayipa makalata. Kupanga mapulogalamu anaphunzira yekha, nthawi yopuma masana, pa kompyuta imene ena anaitaya. Ndiye amene anapanga tsamba la pa intaneti loti mlangizi akalembapo kulemera kwa ng'ombe kapena mbuzi, limuuze mlingo wa mankhwala. M'tauni linkayenda bwino. Koma ng'ombe sizikhala m'tauni. Mchimwene wake, mlangizi wa kuchigwa, ankasiya ng'ombe ili thapsa pansi n'kukwera pachulu kukasaka netiweki.

Choncho mayiyu anayamba kulongedza tsamba lonselo kuti likhale apu yokhazikika m'foni momwemo, yosapempha kanthu kunja.

Bwana wa ofesiyo anali atalonjeza akuluakulu kuti apu ituluka Lachisanu. Lachinayi anaiyesa pafoni yake, ali pampando wake, wayifayi wa intaneti ali pamutu. Inatseguka bwinobwino.

"Yatheka, mayi. Tumizani kwa alangizi onse."

"Sinditumiza, bwana."

"Mwati bwanji?"

"Foni yanuyo yakhuta netiweki ngati nkhupakupa. Tiyeni kuchipinda cha mankhwala."

Chipindacho n'cha makoma ochindikala, chopanda zenera. Netiweki siinalowemo chimangireni. Mayi anatulutsa foni yakale ya mchimwene wake, yong'aluka galasi, n'kutsegula apu. Mabatani onse anaoneka. Analemba kulemera kwa ng'ombe. Pamene panayenera kubwera mlingo wa mankhwala panangoti mbee.

"Mwaona? Ndandanda wa milingo ukukatengedwabe ku intaneti. Ndalongedza chikwama, ndaiwala mankhwala. Kulakwa n'kwanga. Ndipatseni mpaka Lachitatu."

"Aa, kang'onong'ono kameneko? Alangizi akwere pachulu kamodzi, basi."

"Ng'ombe yotupa mimba sidikira munthu atsike pachulu."

Bwana anapukuta thukuta. "Mayi, mukapanda kutumiza lero, Lolemba mubwerera ku makalata anu aja."

"Ndibwerera. Zala ndikadali nazo."

Apuyo inali pa kompyuta ya mayiyo, ndipo bwana sankadziwa potulutsira. Lachisanu linadutsa. Zimene bwana anakauza akuluakulu amadziwa yekha.

Lolemba mayi anapeza mulu wa makalata patebulo pake. Sanadandaule. M'mawa ankatayipa, masana n'kukakhala pa katoni m'chipinda cha mankhwala, laputopu pamiyendo. Analowetsa ndandanda wonse mkati mwa apu, kuyambira mankhwala a njoka za m'mimba mpaka a chibayo. Aliwonse anawayesa pafoni yong'aluka ija, chitseko chili chitsekere. Lachitatu masana anatumiza.

Kutha kwa mwezi mchimwene wake anabwera ndi lipoti, nsapato zili matope okhaokha. Anamupeza akutayipa.

"Achemwali, mukadali pa makalata?"

"Ukuona ndi maso ako. Apu ija ikugwira?"

"Ikugwira ngakhale m'khola. Chulu chija chamera udzu."

"Chabwino. Chotsa matopewo pakhomo panga."

Mpaka pano amatayipa makalata. Bwana sanabweze mawu ake, mayi nayenso sanapemphe.