Khoma Limene Bambo Anagumula

Bambo anga agwira ntchito ya zamagetsi zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo mumsewu wathu onse amangowatchula kuti a Ndadziwa. Munthu akangoyamba kufotokoza vuto la m'nyumba mwake, iwo ankamudula pakamwa ndi mawu amenewo, chikwama cha zida chili kale paphewa. Chopsetsa mtima n'chakuti ankakhaladi atadziwa. Koma maso atayamba kuchita chifunga, foni yawo inasiya kulira. Anthu anayamba kuitana amisiri ena, bambo n'kumangokhala pakhonde kupukuta mapulayala oyera kale.

Ndiye mwamuna wanga, yemwe ndi mphunzitsi, anagula galimoto yoyendera zonse ziwiri, petulo ndi batire yotchaja pakhoma. Lamlungu lina tikudya ndi bambo, anangodandaula kuti batireyo imatenga maola anayi kuti idzaze. Bambo anaika supuni pansi. Anati adziwa, vuto ndi waya wa m'galaja mwathu, ngwowonda ngati ulusi. Nkhope yawo inawala, ine mtima n'kukhala m'malo. Mwamuna wanga anatsegula pakamwa, kenaka anangopempha mchere.

Lolemba m'mawa bambo anafika ndi hamala ndi tchizulo. Khoma limene tinapaka penti mwezi wathawo analing'amba kuyambira pa mita ya magetsi mpaka kugalaja, masiku atatu athunthu. Fumbi linalowa mpaka m'makapu. Ndinkapsa mtima, koma ndikawamva akuimba mluzu pamakwerero ndinkangomeza mate. Anaika waya wonenepa ngati chala ndi bokosi lalikulu lotchajira, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone Lachinayi galimoto ikudzaza pa ola limodzi.

Lachinayilo anthu anabweradi, ena ndi mipando yawo. Bambo analowetsa chingwe mwaulemu, n'kundiuza kuti ndiwawerengere zimene galimoto yalemba. Ndinayang'ana kawiri. Inalemba maola anayi, ngati kale. Anazula, analowetsanso, anayeza ndi kamita kawo. Magetsi analipo odzaza, koma galimoto inkangomwa pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Sindinawaonepo bambo atagwira pakamwa, tsiku limenelo ndinawaona.

Pagulupo panali mayi makaniko wa pakona, amene anatithandiza kusankha galimotoyo. Anatsegula buti, n'kunyamula kapeti, n'kuloza kabokosi kachitsulo. Anati chaja yeniyeni ndi imeneyo, imakhala m'kati mwa galimoto, ndipo ndiyo imalamula kuchuluka kwa magetsi olowa m'batire. Ya galimoto yathu ndi yaing'ono, ngakhale pakhoma pabwere magetsi a fakitale. Bambo anafunsa ngati angaichotse n'kuika yaikulu. Mayiyo anati pa galimoto zina zimatheka, koma pa iyi kompyuta yake singalole. Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino, koma mayi ameneyu pakamwa sipatsekeka. Anawonjezera kuti zonsezi zili m'buku la galimoto, ndipo iye mwini anawaonetsa aphunzitsiwa tsiku logula.

Ine ndinamuyang'ana mwamuna wanga ngati ndikumuona koyamba. Masiku atatu onsewo ankawapatsira bambo njerwa ndi simenti, akudziwa!

"Munkadziwa, aphunzitsi?" bambo anafunsa motsitsa.

"Ndinkadziwa, bambo. Koma munali osangalala, sindikanatha kukutsutsani."

"Kulakwa ndalakwa, limenelo si vuto. Koma inu mwandiona ngati nkhalamba yongoipatsa choseweretsa."

Anthu anayamba kunyamula mipando mmodzimmodzi. Ndinamva manyazi, ndinamvanso chisoni, chifukwa nanenso ndinkasangalala kuti apeza chochita, osafunsa ngati chinali choona.

M'mawa mwake bambo anabwera ndi penti, anamaliza khoma lonse osalankhula ndi munthu. Tiyi anakana. Atatsuka bulashi anapempha buku la galimoto lija, analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, koma zilembo zinali zazing'ono. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwawerengere, iwo anapukusa mutu n'kulipereka kwa mkamwini wawo.

"Werengani inuyo kuyambira tsamba loyamba," anatero, akukhala pa ndowa ya penti. "Ndipo ndikanena kuti ndadziwa, musandikhulupirire, mundifunse."