Bulauza ya aTicha ku Magodi

Amuna anga anabwera nayo kompyuta ija pa njinga, ataimanga ndi malegeni pakaliyala, iwo akukankha wapansi kuchokera pamene basi inawatsitsa. Anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya kwathu kuno ku Magodi, ndipo anali atapita ku Chipata ku msonkhano wa aphunzitsi. Anzawo anabwerako ndi zitenje za akazi awo. Anga anabwerako ndi chibokosi chotuwa chimene ofesi ina inkafuna kutaya. Ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno.

M'mudzi monse ankawatchula kuti aTicha, ndipo nanenso ndinkawaitana choncho, makamaka ndikafuna kuwanyogodola.

"ATicha, malaiti tilibe, foni tilibe. Manje ichi chinthu chizadya chani?"

"Chizadya dzuwa," anandiyankha akumasula malegeni, osandiyang'ana n'komwe.

Mbuzi zanga zina zinapita, padenga panabwera sola, ndipo pansi pa tebulo panakhala batire la galimoto. Pa tebulo pamene ndinkadulira nsalu zosoka panakhala chibokosi chija, ine n'kusamukira pamphasa.

M'kompyutamo munali pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imene iwo ankaitchula kuti bulauza. Inali yakalekale ngakhale pa nthawi imeneyo, imodzi mwa zoyambirira zenizeni, ndipo eni ake anali ataisiya kale. Koma amuna anga inawatenga mtima pa chifukwa chimodzi. Ankati mapulogalamu ambiri amabwera otsekedwa, sungaone za m'kati mwake. Iyi inalembedwa m'chilankhulo chimene ankachitcha sikiripiti, ndiye kuti yonse inali mizere ya mawu yoti munthu ukhoza kutsegula n'kuwerenga. Ukasintha mzere umodzi n'kuiyatsanso, nthawi yomweyo yasintha khalidwe.

"Ili monga njinga," ankandiuza. "Tcheni chili poyela, mabuleki ali poyela. Chikaonongeka uchiona, ukonza."

Vuto linali lakuti intaneti kunalibe. Ngakhale mafoni atafika, netiweki inkapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo inali yongokwanira kunena kuti muli uli, ana ali uli. Choncho bulauza ija inalibe choti itsegule. Munthu wina akanaphimba chinthucho ndi chitenje n'kuiwala. Amuna anga sanali munthu wina. Anayamba kulemba okha masamba oti bulauza yawo izitsegula: tsamba la matenda a nkhupakupa pa ng'ombe, tsamba la kasungidwe ka mtedza, tsamba la masamu a ana a sukulu. Akaweruka masana, kudya kunali kothamanga, kenako m'nyumba munkangomveka kha kha kha wa mabatani mpaka batire litayamba kulira.

Anaisintha bulauza ija mpaka inakhala yawoyawo. Mawu a Chingerezi a pamwamba anawachotsa n'kuika a Chitumbuka, kuti munthu wa kuno akafuna kubwerera m'mbuyo aziona pomwe palembedwa kuti Welerani. Anaiphunzitsa kusunga tsamba lililonse limene yatsegula, kuti netiweki ikathawa tsambalo lisathawe nawo. Anachotsa zithunzi poti zimachedwetsa. Zonsezi ankakonzera tsiku limodzi, tsiku limene intaneti idzafike ku Magodi, iwo n'kutsegula tsamba lenileni lochokera kunja kudzera m'chinthu chokonza okha.

Ine ndinkawaseka, ndipo sindinkabisa. Ndinkauza azimayi anzanga kuchigayo kuti kwanga kuli mkazi mnzanga wopanda miyendo, sapita kumunda, satunga madzi, koma ndiye amayang'anidwa m'maso tsiku lonse. Amuna anga zikawafika ankangomwetulira. Anali munthu wouma mutu mwakachetechete, wosakangana nawe koma wosasiya chimene wayamba. Kunena zoona, chinthucho chinkandikwana, koma ndinkakondanso kuwaona akuwerenga mizere ija chala chili pagalasi, milomo ikuyenda ngati mwana wa sitandade wanu. Sankamwa mowa, sankayendayenda. Ndinkadziwa pomwe ali.

Mwana wathu wamkazi, woyamba kubadwa, anakulira m'mbali mwa tebulo limenelo. Ndi iye yekha amene ankaloledwa kukhudza mabatani. Anapita ku Lusaka kukaphunzira zamakompyuta, n'kupeza ntchito komweko, n'kukwatiwa komweko.

Zaka zinapita, amuna anga anapuma pantchito, ndipo matenda a shuga anawalowa. Anayamba ndi miyendo, kenako anakwera m'maso. Kuchipatala ku boma anatiuza mosabisa kuti maso amenewo sadzabwerera mwakale, chimene angathe n'kuchedwetsa basi. Titafika kunyumba, iwo sanakhale pansi kudandaula. Anatsegula bulauza ija n'kusintha mizere ingapo, zilembo zonse zinakhala zikuluzikulu, zachikasu, pagalasi lakuda. Anati choncho akuona bwino. Patapita miyezi anazikulitsanso.

Apa m'pamene ndinayamba kuda nkhawa. Ndinaona kuti maso akupita, ndipo tsamba lija lochokera kunja anali asanaliwerenge. Nthawi imeneyo anali atamanga nsanja ya netiweki kumsewu waukulu, ndipo achinyamata anali atayamba kuonera mpira pamafoni pansi pa mtengo wa mango. Amuna anga foni yotereyi sankaifuna, poti tizilembo take sankationa. Ndine ndinaimbira mwana wathu. Ndinamuuza kuti abwere ndi chilichonse chimene chingalumikize chibokosi cha bambo ake ku intaneti, ndipo abwere chaka chomwecho, asadikire Khirisimasi.

"Amama, ija kompyuta ni yakudala maningi," anatero pafoni, kutanthauza kuti ndi yakale kwambiri. "Sinidziwa ngati izasebenza."

"Iwe bwela nacho chabe. Adada ako azakonza, si ndiye nchito yawo."

Anabwera titangomaliza kukolola, ndi kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri ndi chingwe chabuluu. Amuna anga anakagwiragwira kabokosiko mbali zonse, kenako anakana kuti tiyesere tokha. Kuno munthu ukagula ngolo yatsopano kapena ukamaliza khola, umaitana anzako adzaone, sumayamba kugwiritsa ntchito mwakabisira. Iwo anati chinthu chimene anthu akhala akumva kulira kwake zaka zonsezi sichingatsegulidwe anthu kulibe. Mwana wathu anayesa kuwachonderera kuti ayese kaye awiriwiri. Anakana. Ine ndinakhala mbali ya bambo ake, n'kufulula thobwa.

Loweruka masana anabwera anzawo a kudibi, madoda amene ankasambitsa nawo ng'ombe, ndi akulu ampingo angapo. Tinatulutsa tebulo pakhonde kuti onse aone. Amuna anga anavala jekete limene ankavala tsiku lotsekera sukulu.

"Monile mose," anapereka moni m'Chitumbuka. "Lelo tiwelenga za nkhupakupa, koma osati zolemba ine. Zochoka kwa madokotala ŵa ng'ombe, kutali uko."

"Yewo, aTicha," anayankha madoda aja akusendeza mipando pafupi.

Mwana wathu analumikiza chingwe, kabokosi kanayaka timagetsi tobiriwira, ndipo anawawerengera bambo ake adiresi ya tsamba. Iwo analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, n'kudina batani. Tinadikira. Galasi linakhala lakuda kwakanthawi, kenako panatuluka mzere umodzi wa zilembo zachikasu, waukulu woti ngakhale wokhala kumbuyo anawerenga: Phepani, nthowa yajalika. Anali mawu olemba iwo eni, oti bulauza izinena ikalephera, kupepesa kuti njira yatsekeka.

Anayesa tsamba lina. Mawu omwewo. Anayesa la nyuzi, anayesa la zanyengo. Mawu omwewo. Doda wina anatsokomola, wina anapempha thobwa lina. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi chikho m'manja.

Mwana wathu anagwada pambali pa mpando wa bambo ake n'kulankhula chapansipansi, koma pakhonde panali zii moti tonse tinamva.

"Adada, netiweki ili bwino. Vuto ni yakuti masiku ano mapeji onse amabwela okhoma. Bulauza ifunika kupatsana kiyi na kwamene peji ichoka. Yanu siidziwa zimenezo, inapangiwa zisanayambe."

"Nionetse laini yake, nilembe."

"Si laini imodzi, adada. Na chilankhulo chake chomwe n'chakudala, na kompyuta yomwe. Sizingakwanitse."

Amuna anga anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango kwa nthawi yaitali. Pa moyo wawo wonse ndi chinthu chimenechi, anali asanamvepo kuti pali cholakwika chimene sichingaoneke pa mzere. Ndiye doda wina, mnzawo wa paubwana, munthu wabwino mtima amene sankafuna choipa, anatulutsa foni m'thumba. Anaipapasa kawiri katatu n'kuwapatsira.

"Osadandaula aTicha, iyi apa peji yamene mufuna. Yaseguka."

Anailandira foniyo ndi manja awiri, mwaulemu. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anaipendeketsa. Kenako anaibweza n'kunena kuti yewo, yaseguka nadi. Ine ndinadziwa kuti sanaone ngakhale chilembo chimodzi. Alendo anamaliza thobwa, anayamikira kuti zilembo zachikasu n'zokongola, ndipo anabalalika dzuwa likadali m'mwamba poti ng'ombe zinali kudambo.

Mpaka lero ndimadandaula kuti ndinaitanitsa kabokosi kaja. Ndinkaganiza kuti ndikuwapatsa mphatso. Kabokosiko kasanabwere, amuna anga anali ndi chinthu chimene chinkagwira ntchito, chongodikira tsiku lake. Katabwera anatsala ndi chibokosi chakale. Ndinakwiyira mwana wathu chifukwa chonena zoona pamaso pa anthu, ngakhale anali atandichenjeza pafoni. Ndinakwiyira doda wa foni uja. Ndinakwiyira ngakhale nsanja ya kumsewu, imene inachedwa zaka zonsezo n'kudzafika zinthu zitasintha. Koma wokakamiza ndinali ine, ndipo zimenezi zimandipweteka.

Kha kha kha uja anatha m'nyumba. Tebulo tinalibweza m'kati, iwo analumikizanso zingwe zonse bwinobwino, koma sanayatsenso. Masana ankakhala pakhonde kumvera wailesi. Ine amene ndinakhala zaka ndikulakalaka tebulo langa, ndinapitiriza kudulira nsalu pamphasa, osayerekeza n'komwe kusuntha chinthucho.

Mwana wathu pochoka anasiya kabokosi kaja, ndipo anandinong'oneza kuti pali njira ina. Anati iye akhoza kuika tsamba lakelake pa intaneti, losakhoma, lopangidwa mwachikale, loti bulauza ya bambo ake ingathe kutsegula. Ndinamuuza kuti achite msanga. Anati achita akangofika. Koma anali woyembekezera, mimba inamuvuta, anagonekedwa m'chipatala, kenako kunabwera khanda. Sindimuimba mlandu. Mwezi unkatha, wina n'kuyamba, ndipo ine ndinkaona amuna anga akuyamba kupapasa khoma popita kubafa.

Mwana wathu anaimba foni mvula itagwa kale, chimanga chili m'mawondo. Unali m'mawa, ndikukonzeka kupita kukapalira.

"Amama, nayika peji ija. Yatsani kompyuta, nikuuzeni adilesi."

Ndinawagwira dzanja bambo ake kuwafikitsa patebulo. Sanafunse zambiri. Anayatsa okha, poti zala zawo zinkadziwa pamene pali batani lililonse. Ine ndinkabwereza zilembo zimene mwana ankanena pafoni, iwo n'kumalemba, ine n'kumayang'ana pagalasi ngati alemba zoona. Anadina batani. Galasi linada monga tsiku lija. Kenako mizere inayamba kutsika, umodzi pambuyo pa unzake, mpaka galasi lonse linadzaza.

"Yaseguka!" ndinakuwa. "ATicha, yaseguka!"

Ndinayamba kuwawerengera. Mwana anali atalemba moni, dzina la mdzukulu wawo, ndi mawu akuti tsamba ili lachoka ku Lusaka, ladutsa m'mayiko ena, lafika ku Magodi kudzera m'bulauza ya adada. Anandiimitsa ndisanamalize. Mawuwo sanali chimene ankafuna kumva.

"Mizele yakhala bwino? Siinadukeduke?"

"Yakhala bwino."

"Pamwamba palembeka Welerani?"

"Palembeka."

"Yasunga peji? Onani pansi kumanja, pafunika kutuluka kachizindikilo."

Ndinayang'ana, ndipo kanalipo. Ndinawauza. Anagwedeza mutu monga ankachitira mwana akakhoza samu pabolodi. Ndinafunsa ngati ndithamange ndikaitane madoda a kudibi aja, ngakhale mmodzi yekha, adzaone. Anati ayi, anthu ali kumunda, tisawavutitse.

Kenako anasendeza mpando n'kuweramira kutsogolo mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Anakhala choncho nthawi yaitali, maso ali tong'o, kuwala kwachikasu kuli pankhope pawo. Mwana anali akadali pafoni, akufunsa kuti adada akuti chani, awelenga? Ine ndinangogwira foniyo pachifuwa.

"Amama ŵake," anatero amuna anga osatembenuka, "ni zazikulu ndithu, zilembo zake?"

"Zazikulu maningi."

"Ine niona chabe kuwala."