Anyezi Amene Sitinkadya

Kwathu ku Palabana kunali anyezi a mitundu iwiri. Ena tinkathira m'ndiwo, ena ayi. Amene sitinkadyawo anali anyezi a maluwa, ndipo Amama ankawasunga m'saka pansi pa bedi lawo, atawawaza phulusa kuti tizilombo tisawaboole.

Mvula ikamatha mu Epulo, m'mawa kukayamba kuzizira, Amama ankakoka saka lija n'kulikhuthulira pa mphasa. Ankatenga mmodzimmodzi n'kumufinya ndi chala chachikulu. Ofewa ankataya, olimba ankakawabzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime. Masabata oyamba ankangothirira dothi looneka ngati mulibe kanthu, ndipo Atate, amene ankaweta ng'ombe zamkaka, ankadandaula kuti madzi akuthera pa zinthu zosalowa m'mimba. Pofika Ogasiti ndi Seputembala, tchire litapsa, fumbi lili ponseponse, kuseri kwathu kokha kunkawala. Kunali akakombo oyera, ena ofiira okhala ngati malipenga, ndi timaluwa tina tachikasu tonunkhira timene palibe ankadziwa dzina lake. Loweruka madzulo ankadula, n'kuika m'ndowa, n'kumangirira pa njinga kupita nawo kutchalitchi. Chaka china mlongo wanga anawagulira ku Lusaka anyezi a maluwa otchedwa tulipi. Anaphuka kamodzi, ofupika mwendo, chaka chotsatira osameranso. Amama anangoti amenewo ndi a kumayiko ozizira, kuno anabwera kudzacheza.

Ine ndinakwatiwa n'kukakhala ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, kumene ndimasoka zovala. Kumudzi ndinkapita mwa apo ndi apo, ndipo kusintha kwa Amama ndinkakuona pang'onopang'ono. Ankathira mchere kawiri. Ankandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Tinkaseka, n'kumati ndi ukalamba.

Tsiku lina mu Malichi, mvula isanathe, mayi wina woyandikana nawo nyumba anandiimbira foni kuti Atate ali kukiliniki, akusanza kwambiri. Ndinakwera minibasi nthawi yomweyo. Ndinawapeza atagona, atawaika diripi, milomo ili gwa.

"Mwadya chani, Atate?" ndinawafunsa.

"Ndiwo za repu chabe, mwana wanga."

Nditafika kunyumba kwawo ndinapeza saka lija lili m'khitchini, lotsegula, ndipo pambali pake panali mpeni ndi makoko. Amama anali atadulira anyezi a akakombo mu repu. Iwo sanadye, poti ankaganiza kuti adya kale. Ndinawapeza atakhala pakhonde akupesa tsitsi, n'kundifunsa ngati ndaona atate anga, chifukwa achedwa kubwera kokama ng'ombe.

Atate anachira. Koma nkhani inali itayenda kale. Kuchigayo ndi pachitsime anthu ankanong'onezana kuti mayi amene wabzala maluwa amenewo moyo wake wonse sangawasokoneze ndi anyezi wamba. Ena anati ankafuna kupha amuna awo. Ena anakumbukira kuti anawaonapo mbandakucha akuyenda m'munda wa eni, atavala chitenje chokha, ndipo anatchula mawu oti ufiti. Amayi a kutchalitchi amene ankaimba nawo kwaya anachepa pakhomo pathu. Tinapita nawo kuchipatala ku Lusaka, kumene dokotala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amagwira ena akakalamba, ndipo sadzachira. Tinafotokozera anthu. Ena anamva, ena anangogwedeza mutu.

Mlongo wanga anabwera kuchokera ku tawuni atakwiya ndi mantha. Ananyamula saka lija kuti akaliponye m'chimbudzi.

"Siya," anatero Atate, ali pampando, mawu akadali ofooka.

"Atate, izi zinthu zinafuna kukuphani."

"Nadya ine, osati iwe. Nipase."

Analitenga n'kukalikhomera m'kachipinda kosungiramo mankhwala a ng'ombe, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Kuphika anayamba kuphika okha, munthu amene sankadziwa ndi pamene pamakhala chipande.

Epulo atafika ndinapitanso. Ndinawapeza Atate atagwada kuseri kwa nyumba, saka lili pambali, akukumba timaenje ndi kakhasu ka Amama. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanakhudzepo dothi la pamenepo. Amama anakhala pa kampando akuyang'ana kumbali, ngati zimenezi sizikuwakhudza. Kenaka anadzuka, n'kuwerama, n'kuchotsa anyezi mmodzi m'dzenje.

"Imwe, mwamuzondotsa. Mphuno iyang'ane kumwamba, ndevu pansi."

Anamutembenuza, n'kumukwirira, n'kupapasa dothi ndi chikhatho. Anabzala mzere wonse osalakwitsa ngakhale mmodzi, Atate akuwapatsira. Atamaliza anapukuta manja pa chitenje n'kuwafunsa Atate kuti abwera ndi basi yanji. Atate anayang'ana pansi n'kunena kuti ya m'mawa.

Nyengo yozizira ija zinthu zinaipa. Amama anayamba kutuluka osatsanzika. Tsiku lina anawapeza kutali, panjira yopita ku Chalimbana, anyamata ena atawazinga akuwafunsa mafunso ndi miyala m'manja, ndipo amene anawapulumutsa ndi munthu wogula mkaka amene ankawadziwa. Tinakhala pansi monga banja n'kugwirizana kuti ndiwatenge. Kwanga kuli mpanda ndi geti. Atate sakanatha kusiya ng'ombe. Tsiku losamuka iwo ndi amene anapinda zitenje za Amama, kuzipinda molakwika, ndipo galimoto itanyamuka sanatiperekeze mpaka kumsewu monga ankachitira. Analowa m'khola.

Pabwalo panga ku Silverest mwamuna wanga anawaka simenti paliponse. Amama ankadzuka m'mawa n'kumazungulira m'mbali mwa mpanda, akufunafuna khasu. Ndinawagulira ndowa ziwiri n'kuthiramo dothi, koma sanaziyang'ane n'komwe.

Kumayambiriro kwa Seputembala, Loweruka lina masana, ndinamva kugogoda pageti. Anali Atate, atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula ndowa yodzaza akakombo. Madzi anali atawatayikira pa thalauza m'minibasi, ndipo maluwa ena anali atathyoka makosi. Anaika ndowa patsogolo pa Amama n'kuvula chipewa.

"Amake ana, onani. Achita bwino chaka chino."

Amama anasolola duwa limodzi, n'kuliyang'ana kutsinde.

"Mwadula ndi mpeni wobuntha," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Apatseni madzi akumwa abambo awa, achokera kutali. Koma auzeni kuti sitigula. Tili nawo kwathu."

Atate anamwa madziwo. Anakhala nawo pakhonde masana onse, akuwauza za ng'ombe imene yabereka, za denga limene likufunika kukonza mvula isanabwere. Amama ankamvetsera mwaulemu monga amachitira ndi mlendo, ndipo nthawi zina ankaseka. Dzuwa litapendeka ndinawaperekeza Atate kokwerera basi. Panjira ndinawapempha kuti agone, koma anati ng'ombe sizinakamidwe. Tili chiimire m'mbali mwa msewu anandifunsa ngati Amama amadya bwino, ngati ndimawafunditsa bulangeti lachiwiri. Ndinati inde. Anapukuta m'maso ndi chipewa n'kunena kuti fumbi la kuno ndi loipa.

Anabweranso Loweruka lotsatira, ndi linzake, mpaka maluwa anatha. Atatha ankabwera ndi mkaka wowawasa m'chigubu. Amama sanawazindikirenso, koma anawazolowera, moti akachedwa ankafunsa kuti abambo a maluwa aja sanabwere bwanji.

Amama anamwalira m'nyumba mwanga mvula ili pakati, ndipo tinakawaika ku Palabana. Kunagwa mvula tsiku lonse. Amayi a kwaya anabwera onse, ngakhale aja anasiya kufika pakhomo, ndipo anaimba bwino. Maluwa a pamanda tinachita kugula ku Lusaka, chifukwa sinali nyengo yake.

Atate akadali komweko. Mawondo anawafooka, ng'ombe anagulitsa n'kutsala ndi imodzi. Ndawapempha kangapo kuti abwere kudzakhala nafe, ndipo nthawi zonse amati aganizira. Ndikapita ndimawaphikira ndiwo za masiku angapo, ndimawachapira, n'kusesa m'chipinda mwawo. Mwezi watha ndinawapeza atagona pampando masana, wailesi ikulankhula yokha, chitseko chili pululu. Ndinakhala pamphasa n'kuyamba kusankha nyemba, kudikira kuti adzuke.